Azungu akuphunzitsa asilikali a eni ku Chimoio, kodi akufunanji?

Mwale wa Thanki: Muli bwanji nonse pagulu. Ndatulukira pa Chanida dzulo madzulo kuchokera ku Beira, msana uli gwa. Tinagona pa Chimoio, ndipo mnzanga wa komweko pocheza anandiuza kuti dera lomwelo azungu a ku Ulaya akhala akuphunzitsa makomando a Mozambique kuti azikathana ndi zigawenga ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa dzikolo. Njira yonse mpaka ku Katete mutu wanga unali pomwepo. Boma la dziko lina lichotse ndalama zake, litumize ana ake kudzaphunzitsa asilikali a eni. Chifundo chokha? Amene mudziwa tithandizeni.

Amake Dalitso: Mwafika bwino achimwene. Chifundo cha mzungu ine ndinachionera pa mtengo wa thonje.

Aphunzitsi Banda: AMwale, mnzanuyo sananame. Nkhondo ija inayamba mu Okutobala 2017 pamene anyamata a mfuti anaukira mapolisi ku Mocímboa da Praia. Eni dera amawatcha al-Shabaab, koma si aja a ku Somalia ayi, dzina lokha. Kwa zaka zitatu ndi kanthu midzi inali kupsa, anthu kudulidwa mitu, dziko lapansi lili phee. Ndiye mu Malichi 2021 analowa m'tauni ya Palma, pafupi ndi pamene TotalEnergies inali kumanga ntchito ya gasi ya madola 20 biliyoni. Kampani inaimitsa ntchito mwezi wotsatira. Taonani zimene zinachitika chaka chomwecho: mu Julayi asilikali a Rwanda okwana 1,000 anafika, a SADC anafika, ndipo chisanathe chaka a European Union anatsegula maphunziro, makomando ku Chimoio, a pamadzi ku Katembe, motsogozedwa ndi Apwitikizi. Anaphunzitsa magulu 11 a asilikali. Funso lanu mudziyankhe nokha poona kalendala.

Sajeni Tembo: Aphunzitsi, kalendala yanu mwaidumphako. Amereka anatumiza asilikali awo kukaphunzitsa a pamadzi a Mozambique mu Malichi momwemo, Palma isanagwe. Ndipo a Wagner, asilikali aganyu a ku Russia, anabwera kale mu 2019, anakwapulidwa m'tchire nabwerera. Si onse anadikira gasi kuti aime.

Aphunzitsi Banda: Zoona aSajeni, koma gasiyo anali pomwepo kale. A Wagner sanabwere kudzadya nsomba za ku Pemba.

Mabvuto: Ndi chimene ine ndimanenera. Traoré, mtsogoleri wa ku Burkina Faso, anawathamangitsa Afalansa mu 2023, basi. Ife tinawatsegulira chitseko a AFRICOM, nthambi ya asilikali a Amereka yoona za Africa, ku Lusaka, mawa tidzadzuka ndege zawo zili pa eyapoti ya Chipata.

Mulenga: Ndege za Amereka zibwere kudzatani ku Chipata, kudzaphulitsa mauna a mbewa?

Amake Dalitso: Iwe wa anyani khala chete, akulu akulankhula.

Tisa Jere: Achimwene Mabvuto, tiyeni tiike bwino nkhani ya 2022, chifukwa yakhala ikupotozedwa. Mu Epulo chaka chimenecho ofesi ya kazembe wa Amereka inalengeza kuti AFRICOM itsegula ofesi yoona za mgwirizano wa chitetezo mkati mwa nyumba ya kazembe momwemo ku Lusaka. A Fred M'membe ndi ena anati imeneyi ndi kampu ya nkhondo. Nduna ya zachitetezo nthawiyo, a Ambrose Lufuma, anakana kuti si kampu. Pa chilengezo chomwecho Amereka anati kuyambira 2014 anali ataononga madola oposa 8 miliyoni pokonzekeretsa asilikali athu opita ku Central African Republic. Tsono amenewo ndi maphunziro osungitsa mtendere pansi pa United Nations, si olimbana ndi zigawenga. Ine chimene chinandiwawa si ofesiyo. N'chakuti ife eni dziko tinamva kwa mlendo, boma lathu n'kumadzayankha pambuyo anthu atayamba kale kukuwa.

Mabvuto: Ofesi ndi kampu kusiyana kwake n'chiyani? Njoka ndi njoka ngakhale ikhale yaing'ono.

Sajeni Tembo: Mwana wanga, kusiyana kulipo, ndipo ndi kwakukulu. Kampu yeniyeni inali ku Agadez ku Niger, bwalo la ndege lathunthu, madroni, asilikali mazanamazana. Ofesi ndi anthu owerengeka okhala pa mipando kulemba kuti uje apite kukosi, galimoto zakuti zibwere. Koma ndisakunamize, pa mipando pomwepo ndi pamene zinthu zimapangidwira.

Ine ndinapita nawo ku Birao, kumpoto kwa Central African Republic, kufupi ndi malire a Sudan. Tisananyamuke tinaphunzitsidwa ndi alendo. Ndisabise, zina zinatipulumutsa. Kumanga bala kuti mnzako asathe magazi musanafike kuchipatala. Kuona msewu ngati wakumbidwa. Kuimitsa galimoto pachipata popanda kuopseza mayi amene ali ndi mwana kumbuyo. Zinthu zoti kale timangochita mwa mphamvu basi. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko tinakaona.

Koma chimene mlendo sangakupatse m'masabata ochepa ndi ichi: mtima ndi m'mimba. Msilikali amene malipiro ake achedwa miyezi, nsapato yang'ambika, chakudya chadyedwa ndi akulu panjira, umuphunzitse kuombera bwino, wangomunolera mpeni wokatolera ndalama pa rodibuloko. Ndipo nkhondo ya zigawenga siwina ndi kuombera. Chigawenga sichivala yunifomu, masana chili kumunda, usiku chili ndi mfuti. Amene adziwa kuti uyu ndani ndi mayi wotunga madzi, ndi mfumu, ndi mnyamata wa njinga. Ukawamenya amenewo kamodzi, pakamwa patsekeka, ndiye uli ndi mfuti yatsopano koma uli wakhungu.

Mwale wa Thanki: Amalume mwanena za rodibuloko mwandikhudza. Panjira ya uko kuli malo ena umaimitsidwa, mapepala onse ali bwino, koma sudutsa usanasiye ya fanta. Sindinena kuti ndi ati.

Aphunzitsi Banda: Kalumo ka aSajeni kameta, komanso kacheka mwini mutu. Tiwerenge. Mali 2012, Kaputeni Amadou Sanogo analanda boma, anali atachita makosi ku Amereka. Mali yomweyo 2020 ndi 2021, Assimi Goïta, nayenso anadutsa m'manja mwa alangizi a kunja. Ya ku Guinea ndiyo yoseketsa mwachisoni: mu Seputembala 2021 asilikali a Mamady Doumbouya anapita kukagwira Pulezidenti Alpha Condé pamene Amereka anali m'dziko momwemo kuphunzitsa gulu lomwelo. Niger 2023, mmodzi wa akuluakulu amene anagwetsa Pulezidenti Bazoum, Moussa Salaou Barmou, anali bwenzi lakale la asilikali a Amereka. Chaka chotsatira Amereka anauzidwa kuti anyamule katundu ku Agadez.

Sajeni Tembo: Apa ndiye ndikukanani aphunzitsi. Amene anapita kumakosi amenewo ndi zikwizikwi, olanda boma ndi angati? Mukuwerenga nkhuku zimene zinadya mazira, zoikira bwino simuziwerenga. Ndipo Luchembe mu 1990 ndi Kaputeni Solo mu 1997, poyesa kulanda boma kuno ku Zambia, anafuna mzungu kuti awaonetse njira ya ku wailesi? Njala ya ufa inali yokwanira.

Aphunzitsi Banda: Sindinati kosi imaphunzitsa kulanda boma. Ndikuti boma lopereka maphunziro limasankha kagulu kamodzi, kuti awa ndiwo akatswiri olimbana ndi zigawenga. Amenewo apatsidwa mfuti zabwino, mawailesi, galimoto, ndalama zapadera, pamene anzawo ali ndi zakale. M'dziko limene nyumba ya malamulo ili yofooka ndi makhoti ali ogona, kagulu kameneko kadzuka tsiku lina n'kuona kuti palibe wotiletsa. Ndi zimene zinachitika ku Conakry. Condé anapanga yekha gulu lija kuti limuteteze ku zigawenga.

Ndipo tisapite kutali. Adamson Mushala anatumizidwa ku China kukaphunzira nkhondo ya m'tchire kuti amenyane ndi atsamunda. Ufulu utabwera, luso lija anadzaligwiritsa pa boma la Kaunda lomwe, ku North-Western kuyambira cha m'ma 1975 mpaka anaphedwa mu 1982. Wophunzitsa amapita kwawo, luso limatsala, ndipo silifunsa kuti mwini wake lero ali mbali iti.

Mulenga: Aphunzitsi alemba buku lonse, mabandulo anga atha.

Adimini Zulu: Mulenga, ukapanda chonena pita ukakazinge finkubala. Pitirizani akuluakulu, koma zachipani ayi, tinagwirizana.

Amake Dalitso: Ine funso langa ndi la munthu wa pa Kapata. Cabo Delgado ili kutali, kunyanja uko. Ife zitikhudza bwanji? Bwanji osangotseka pakamwa n'kumalima nshawa zathu?

Mwale wa Thanki: Asisi, mafuta amene ndabweretsa dzulowa atuluka kuti? Feteleza wina amalowera ku Beira ndi ku Nacala. Njanji ya Chipata kupita ku Mchinji, ija inatsegulidwa mu 2010, mutu wake uloza ku Nacala, m'chigawo cha Nampula, ndipo zigawenga zija zinafikako kumpoto kwa Nampula mu 2022. Ngakhale magetsi ena tikugula kwa a Mozambique omwewo Kariba ikauma. Moto umapita kumene kwatsala tchire.

Tisa Jere: Ndipo Zambia inali nawo m'gulu la SADC lija, limene linachoka mu Julayi 2024. Ndiye sitili oonerera chabe.

Ambuye anga a ku Chadiza ali pano kunyumba, abwera kudzaona maso kuchipatala. Ndawawerengera zonsezi ndipo akuti ndilembe mawu awo momwe akunenera:

"Ana inu mukuti Mozambique ili kutali? Ife tinagona m'phiri ndi ana kumbuyo, mvula ili pamutu. Anthu a mfuti ankaoloka usiku kuchokera kutsidya, atenge ng'ombe, atenge chimanga, agwire anyamata kuti awasenzere katundu. Mlamu wanga anapita choncho, mpaka lero manda ake sitiwadziwa. Malire ake ati? Munda wathu unali kuno, chitsime chili uko, amalume anga ali uko. Asilikali athu atabwera tinapuma, inde. Koma anabweranso ndi mafunso, kuti uyu mlendo m'nyumba mwanu ndani, mumawaphikira ndinu. Munthu wothawa nkhondo, mbale wako, umubise kapena umupereke? Ndiye auzeni ophunzitsawo kuti ayambe aphunzitsa msilikali kufunsa bwino."

Atero ambuye.

Sajeni Tembo: Pepani amama. Mwanena zimene ine ndinalephera kunena ndi mawu ambiri.

Aphunzitsi Banda: Kwa achinyamata amene simunazione: zimenezi zinali kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi ya nkhondo ya RENAMO ndi FRELIMO. Midzi ya m'malire ku Chadiza, Katete ndi Petauke inavutika kwambiri, ndipo othawa nkhondo anaikidwa ku Ukwimi m'boma la Petauke. Tsono funsani kuti RENAMO inachokera kuti. Inaumbidwa ndi akazitape a Rhodesia, naiphunzitsa, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 anaipereka m'manja mwa Maburu a ku South Africa. Amenewonso anali maphunziro operekedwa ndi boma lina kwa anthu a dziko lina, ndipo ankati akulimbana ndi zigawenga.

Apa ndi pamene mutu umandizungulira. Kwa Ian Smith, mtsogoleri wa Rhodesia, zigawenga zinali ZIPRA ndi ZANLA, omenyera ufulu wa Zimbabwe. Kaunda anasunga ZIPRA, ANC, SWAPO, ndipo tinalipira: kampu ya ZIPRA ya ku Chikumbi inaphulitsidwa pa 19 Okutobala 1978, milatho inagwetsedwa mu 1979, wa Chambeshi ndi wa Chongwe pamsewu wathu womwewu wopita ku Lusaka. Mandela anachotsedwa pa mndandanda wa zigawenga ku Amereka mu 2008, atakhala kale pulezidenti n'kupuma. Sindikuyerekeza odula anthu mitu ku Cabo Delgado ndi omenyera ufulu, Mulungu andikhululukire. Ndikungoti dzina lakuti chigawenga limaperekedwa ndi amene ali pampando, ndipo mpando umasintha. Gulu lophunzitsidwa kusaka zigawenga lero, mawa lingatumizidwe kwa ana a sukulu amene akuguba.

Mabvuto: Ndiye mukugwirizana nane. Tiwakane onse.

Aphunzitsi Banda: Ayi mphwanga. Traoré wako anachotsa Afalansa n'kuitana a ku Russia, mlendo wasintha chipewa chabe. Ndipo anthu akufabe. Ku Barsalogho, ku Burkina Faso komweko, mu Ogasiti 2024 anthu wamba anaphedwa ambirimbiri akukumba maenje otetezera tauni yawo. Zimenezo pa TikTok saonetsa.

Mabvuto: Nkhani za azungu zimenezo.

Amake Dalitso: Mabvuto, iwe zonse zimene sukonda ndi za azungu, koma foni uli nayo m'manja ndi ya kwa Mpezeni?

Tisa Jere: Ndionjezeko za malamulo, poti ndi zimene ndikuphunzira. Maboma operekawa ali ndi zotchinga zawo papepala. Ku Amereka kuli lamulo la Leahy, la m'chaka cha 1997, lotchedwa ndi dzina la Senator Patrick Leahy. Limati gulu la asilikali limene pali umboni womveka woti linapha kapena kuzunza anthu lisalandire maphunziro kapena zida. Kulinso lina loti boma likalandidwa ndi asilikali thandizo liime. Zomveka bwino. Koma onani mmene zimayendera. Ku Egypt mu 2013 asilikali anachotsa Pulezidenti Morsi, Amereka anangopewa kutchula kuti boma lalandidwa, thandizo n'kumapita. Ku Niger boma linagwa mu Julayi 2023, iwo anadzavomera mu Okutobala. Ndipo la Leahy limadalira umboni wolembedwa. Mudzi wa kutchire kopanda mtolankhani, kopanda netiweki, adzalemba ndani?

Ku Cabo Delgado komweko Amnesty International inatulutsa lipoti mu 2021 loloza chala mbali zonse, zigawenga, asilikali a boma, ndi kampani ya asilikali aganyu ya ku South Africa. A European Union anati ndi chifukwa chake m'maphunziro awo aikamo za ufulu wa anthu, ndipo zida zimene anapereka kwa Mozambique zinali zosaphera, monga galimoto ndi za chipatala. Koma omwewo anapereka mayuro 20 miliyoni kwa asilikali a Rwanda mu 2022, ndi ena 20 miliyoni mu 2024, pamene akatswiri a United Nations anali kunena kuti Rwanda ikuthandiza gulu loukira boma la M23 ku Congo. Dzanja ili lizimitsa moto, linalo likusonkhezera kwina.

Sajeni Tembo: Komabe Tisa, a Rwanda aja analanda Mocímboa da Praia mu Ogasiti 2021, patangotha mwezi atafika, tauni imene inakhala chaka chathunthu m'manja mwa zigawenga. Mfuti zawo sizinali zamatsenga. Anali ndi mwambo, amalipidwa, ndipo ambiri amalankhula Chiswahili chimene anthu a m'mbali mwa nyanja uko amamva. Msilikali wochokera ku Maputo, makilomita oposa 2,000, ali mlendo m'dziko lake lomwe kuposa Mnyarwanda. Chimenecho palibe kosi ya ku Chimoio ingachikonze.

Mwale wa Thanki: Ndiye tinene kuti maphunzirowa alibe ntchito?

Sajeni Tembo: Ali nayo, koma ndi ndiwo, si nsima. Dziko limene lili ndi gasi ndi miyala ya rube ku Montepuez, mwana wa pomwepo alibe ntchito, wathamangitsidwa pamgodi, wina abwera ndi ndalama ndi ulaliki, apita naye basi. Uphe khumi, mawa abwera makumi awiri.

Amake Dalitso: Zimenezo ndiye zandiopsa, poti anyamata ongokhala ndi pano tili nawo, taonani pa siteshoni.

Mulenga: Zoseka pambali. Ine mchimwene wanga ali m'gulu la asilikali ndipo anapitako kukosi kunja, anabwera munthu wosinthika, waulemu, wodziwa ntchito. Ndiye ndikamva kuti tikane zonse ndimaona ngati tikumana ana athu omwe. Chimene ndifuna ine ndi kudziwa basi: tasaina chiyani, ndi yani, kwa zaka zingati, ndipo iwo atengapo chiyani. China itiphunzitsa, India itiphunzitsa, Britain, Amereka, onse. Bwanji pa onsewa sitimva aphungu akufunsa?

Adimini Zulu: Lembani tsiku, Mulenga walankhula zanzeru.

Aphunzitsi Banda: Wadya mbewa mobisa ameneyu, nzeru zayamba kubwera. Koma wagunda pamene pali nkhani. Za chitetezo amati ndi zachinsinsi, ndipo zina n'zachinsinsidi, palibe akufuna kudziwa kuti asilikali agona pati usiku uno. Koma pangano la dziko ndi dziko si malo ogona asilikali. Ngati mlendo waphunzitsayo akapalamula kuno, aweruzidwa m'khoti lathu kapena akwera ndege? Gulu lophunzitsidwalo lingatumizidwe mkati mwa dziko pa anthu athu omwe? Tili ndi lamulo lolimbana ndi uchigawenga la 2018, mawu ake ndi otambalala, ndiye funso limeneli si lamasewera.

Tisa Jere: Ndingathe kulemba kalata yaifupi kwa aphungu athu ndi mafunso amenewa, ya ulemu, yopanda chipani. Amene afuna asaine.

Mabvuto: Adzaiwerenga ndani? Amabwera nthawi ya mavoti chabe ndi zitenje.

Amake Dalitso: Ine ndisaina, koma muikemonso za feteleza.

Tisa Jere: Amama, feteleza ikhale kalata ina, tikasakaniza adzayankha za feteleza zokha.

Sajeni Tembo: Lemba mwana wanga, koma dzina langa usaike, penshoni ndikudyabe. Uikemo funso la ambuye ako, la kufunsa bwino. Pa Kulamba ku Mkaika timakhala pamodzi ndi a ku Tete ndi a ku Malawi, onse ana a Gawa Undi, msilikali wosadziwa zimenezo adzaona chigawenga pa mlendo aliyense wobwera kumaliro.

Mwale wa Thanki: Lolemba ndibwereranso ku Beira. Ndikafika pa Chimoio ndikamufunse mnzanga uja ngati makomando ophunzitsidwawo akasiyana ndi ena akakuimitsa pamsewu. Iye ndiye angadziwe, mphwake ali momwemo.

Tisa Jere: Ambuye akuti mukadutsa pa Cassacatiza mufunseko ngati kuli amene akumbuka anyamata ogwidwa ku Chadiza nthawi ija. Ndawauza kuti papita zaka zoposa 35. Akuti afunsebe.

Mwale wa Thanki: Auzeni ndikafunsa. Munditumizire dzina la mlamu wawoyo kumbali, osati pagulu.